Mmene mungapangire chosema ndi sewero lolira mbalame za kunyanja muli konkuno ku Harare

Kuno ku Harare kulibe nyanja yamchere, yapafupi ndi ya ku Beira, ulendo wa makilomita oposa 500 kudzera ku Mutare, nde ndikudziwa kuti ena mwa inu achinyamata a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku mufunsa kuti za mbalame zofera pagombe zikutikhudza pati ife. Tsatirani madzi muona. Botolo lomwe mwaponya mu ngalande ku Mbare mvula ikagwa limalowa mu mtsinje wa Mukuvisi, Mukuvisi amathira mu Manyame ndi Lake Chivero, Manyame amapitirira mpaka kukalowa mu Zambezi cha ku Cahora Bassa, ndipo Zambezi amakathera mu nyanja yamchere ku Mozambique. Zinyalala zambiri zimakodwa m'madamu panjira, inde, koma msewu wa madziwo ndi umodzi. Chifukwa chake ine ndimati mbalame yanuyo muipange ndi zinthu zomwe zimapha mbalame, zotola konkuno, ndipo anthu akaiona azindikire chivindikiro cha botolo lomwe iwo eni amamwera. Mukangokopera chithunzi cha pengwini cha pa foni n'kuchipaka penti yokongola, anthu adzati "eee zabwino" n'kudutsa.

Poyambira ndi kusankha imfa imodzi, osati zonse

Apa ndi pomwe ndikufuna mukhalitsepo chifukwa zina zonse, kaya waya kaya kavinidwe, zimachokera apa. Mbalame za kunyanja sizifa ndi chinthu chimodzi, ndipo imfa iliyonse ili ndi maonekedwe ake pathupi la mbalame.

Pali imfa ya mafuta. Mu June 2000 sitima yotchedwa Treasure inamira pakati pa Robben Island ndi Dassen Island pafupi ndi Cape Town, mafuta anatayika ndipo ma pengwini pafupifupi 19,000 anadetsedwa, anthu ongodzipereka mothandizana ndi bungwe losamalira mbalame za kunyanja la SANCCOB anawatsuka imodzi imodzi ndipo ambiri anapulumuka. Mafuta amapha chonchi: nthenga zikamatana madzi ozizira amafika pakhungu, mbalame imazizidwa, ikamayesa kudzikonza ndi mlomo imameza mafutawo. Ngati mwasankha iyi, ntchito yanu ikhala ya zolemera, zomata, zakuda.

Pali imfa ya njala. Pengwini wa kuno kumwera kwa Africa amadya nsomba zing'onozing'ono, ma sardine ndi anchovy, zomwezo zomwe masitima akuluakulu amakokolola, ndipo mu October 2024 a IUCN, bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe, anamuika m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Mu January 2021 anapiye a mphipi (mbalame zomira m'madzi pogwira nsomba, pa Chingerezi amati cormorant) oposa 1,700 anasiyidwa ndi makolo awo pa Robben Island mpaka anthu anachita kukawatola. Imfa ya njala ndi yopepuka, ya mafupa oonekera, thupi lopanda kanthu mkati.

Pali ya pulasitiki, ma albatross, mbalame zikuluzikulu za mapiko aatali, a pa chilumba cha Midway ku nyanja ya Pacific amatola malaita, zivindikiro ndi zidutswa za miswachi zoyandama poyesa chakudya n'kukadyetsa ana awo, mwana amafa mimba itadzaza. Wojambula Chris Jordan anayamba kujambula mitembo imeneyi mu 2009, nthenga ndi mafupa zitawola koma pulasitiki ili phee pakati, mitundu yake osasuluka. Pali ya mbedza, pomwe albatross amathamangira nyambo pa zingwe zazitali za asodzi n'kukokedwera pansi pa madzi. Pali ya chimfine cha mbalame, chomwe mu 2021 chinapha mphipi zoposa 20,000 m'magombe a Western Cape, makamaka pa Dyer Island.

Ndipo pali yathu ya pakhomo. Mu December 2024 ku Lake Chivero kunafa zipembere zinayi, mbidzi, nyumbu, nsomba zambiri komanso nkhwazi, a ZimParks, oyang'anira nyama zakutchire, ananena kuti ndi ndere zapoizoni zomwe zimachuluka chifukwa cha zonyansa za m'masuweji zolowa m'madzi omwewo omwe mzinda umamwa. Nkhwazi si mbalame ya nyanja yamchere kwenikweni, koma kwa ife a Chichewa ndi mbalame yodziwika, ili pa chizindikiro cha dziko la Malawi, ili pa mbendera ya Zambia. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga imfa imodzi ya kugombe n'kuiika pafupi ndi ya ku Chivero, kuti woonera ayambire pa yomwe akuidziwa kenaka afike pa yakutaliyo. Koma zisapitirire ziwiri. Mukathira zonse mu chosema chimodzi chimasanduka phositala ya pasukulu.

Mukasankha lembani chiganizo chimodzi pa pepala, mwachitsanzo "mphipi yomwe sikutha kuumitsa mapiko", muchimate pakhoma pomwe mumagwirira ntchito. Chilichonse chomwe sichikugwirizana ndi chiganizocho musachiike olo chikongole bwanji.

Kenaka pitani mukaone mbalame yamoyo

Simungapange mbalame yakufa yokhudza mtima ngati simunaone mmene yamoyo imakhalira. Kwerani kombi mupite ku Chivero mmamawa, kulinso malo osungira mbalame a Kuimba Shiri m'mbali mwa nyanjayo komwe mungazione pafupi. Tengani kope ndi pensulo, foni ikhale yachiwiri. Yang'anani mphipi ikatuluka m'madzi, imatera pa chitsa kapena pamwala, imagwedeza thupi kamodzi, kenaka imatambasula mapiko koma osati mowongoka ngati ndege, pachigongono pamakhala popindika, nsonga za nthenga zikuloza pansi, khosi litapinda ngati chilembo cha S, mutu ukutembenukira uku ndi uku pang'onopang'ono, ndipo imatha kukhala choncho nthawi yaitali ndithu osasuntha mapazi. Jambulani kupindika kumeneko kangapo mpaka dzanja lizolowere. Amene munafikapo kumudzi ku Mangochi mukukumbukira chilumba cha Boadzulu chomwe miyala ndi mitengo yake inachita kuyera ndi zitosi za mphipi, mbalame zake ndi za mtundu womwewu, ndipo ndi abale a zomwe zinafa ku Dyer Island zija.

Chenjezo lalikulu: mukapeza mbalame yakufa musaigwire, musazule nthenga, musatenge chigaza kuti mukaike pa chosema. Chimfine cha mbalame chimatha kugwira munthu komanso mukhoza kukachipatsira nkhuku zapakhomo, ndipo mbalame ngati nkhwazi ndi zotetezedwa ndi lamulo, kupezeka ndi nthenga zake ndi mlandu. Uzani oyang'anira malowo basi. Ngati mukufunadi nthenga zenizeni, za nkhuku ndi abakha zapamsika zilipo, muziviike m'madzi otentha a sopo n'kuziyanika.

Kusonkhanitsa zipangizo

Waya ndi zitsulo pitani ku Siya-So ndi ku Magaba ku Mbare, kumeneko mupeza waya wonenepa wa fensi, waya wowonda womangira, sefa ya khola la nkhuku, zidutswa za ma rod ndi machubu akale a matayala. Pulasitiki musagule, tolani. Mabotolo a malita awiri, zigubu zoyera za mkaka ndi za mafuta ophikira, zivindikiro, malaita otha gasi, miswachi, masaka a ufa, neti yakale ya udzudzu, twaini. Uzani amayi apakhomo ndi aneba kuti azikusungirani, ana a mu layini mwanu akadziwa adzakubweretserani zochuluka kuposa zomwe mukufuna. Musachite manyazi kuti anthu aziti mwapenga, Moffat Takadiwa wa ku Mbare Art Space amapanga ntchito zake ndi mabatani a kompyuta, miswachi ndi zivindikiro zotayidwa ndipo mu 2024 anali m'gulu loimira Zimbabwe ku chionetsero chachikulu cha zaluso cha Venice Biennale ku Italy.

Zotola mu ngalande ndi m'mbali mwa Mukuvisi zimakhala ndi suweji, nde valani magolovesi ndi majombo, mukafika muziviike m'madzi othira Jik pang'ono kwa theka la ola, mutsuke, muyanike padzuwa. Mukadzicheka ndi chitsulo cha dzimbiri pitani ku kiliniki mukabayitse ya kafumbata, musadikire. Zikauma zisanjeni potengera mtundu, zoyera pazokha, zakuda pazokha, zofiira ndi zabuluu pazokha, izi zimaoneka ngati kutaya nthawi koma pomanga mudzathokoza.

Mafupa a waya

Chosema chonse chimadalira mafupa ake, zili ngati phaso la nyumba, likakhala lofooka udzu olo muufolere bwino bwanji denga limagwa mvula yoyamba. Yambani ndi kujambula mbalameyo pansi pa simenti ndi choko pa msinkhu weniweni womwe mukufuna. Pengwini wa ku Africa ndi wamtali pafupifupi masentimita 60 mpaka 70, mphipi ikatambasula mapiko ndi cha m'ma mita imodzi, albatross wamkulu amafika mamita atatu ndi kupitirira. Ndimakonda msinkhu weniweni kusiyana ndi kukuza dala, chifukwa munthu akaima pafupi ndi mapiko a mamita atatu n'kumva kuti mbalame yotere ilikodi, amadabwa yekha osachita kumuuza.

Pindani waya wonenepa motsatira mzere umodzi kuchokera kumlomo, kudutsa pakhosi ndi pamsana mpaka kumchira, uwu ndiye msana. Pangani mikombero inayi kapena isanu yosiyana kukula, waukulu pachifuwa, ing'onoing'ono kukhosi ndi kumchira, muimangirire ku msanawo ndi waya wowonda, pokulunga kokani ndi pulayala mpaka mfundo isamaterereke mukaikankha ndi chala. Onjezani waya wina pansi kuchokera pakhosi kudutsa pamimba. Miyendo ndi pomwe ambiri zimawavuta, waya wa fensi sungathe kunyamula, gwiritsani rod ya mamilimita 8 kapena 10, ilowe mkati mwa thupi mpaka kukafika kumsana, osangoilumikiza pamimba, ndipo pansi muiwotcherere pa chitsulo chophwatalala kapena muizike mu chitini cha konkire. Ngati mulibe makina owotcherera, amisiri a ku Siya-So amachita zimenezi pa mtengo wokambirana, apatseni chojambula chanu ndipo mukhalepo pomwe akuwotcherera.

Phiko lipangeni ndi zigawo zitatu ngati mkono wa munthu, phewa, chigongono, dzanja. Mbalame yakufa imadziwika ndi phiko ndi khosi, phiko limodzi limapindikira pansi pa thupi kapena kutembenuka mosayenera, khosi limagwera chammbuyo, zala za kumapazi zimafumbata. Musanakute chilichonse imani patali masitepe khumi muyang'ane waya wokhawokhayo, ngati sukuoneka mbalame pano ndiye kuti nthenga sizidzakupulumutsani, konzani pompano. Mukakhutira kutani ndi sefa ya nkhuku ija, muzifinya ndi manja kuti itsatire thupi, nsonga zakuthwa muzipindire mkati.

Nthenga ndi mimba

Tengani chigubu choyera, dulani kukamwa ndi pansi, ng'ambani kuti chitambasuke, ndiye dulani nthenga motsatira kutalika kwa chigubucho kuti kupindika kwake kwachibadwa kukhale kupindika kwa nthenga. Pakati pa nthenga iliyonse kandani mzere ndi nsonga ya msomali osaboola, pindani pang'ono pamzerepo, muona yauma ngati ili ndi fupa lake, kenaka m'mbali muchekecheke tinthu ting'onoting'ono ndi sizasi mopendeketsa. Patsinde boolani mabowo awiri ndi msomali wozizira ndi hamala pathabwa, pisani waya wowonda, mangani ku sefa. Kumanga kumayambira kumchira kupita kumutu, ndi kunsonga ya phiko kupita kuphewa, kuti nthenga yatsopano izibisa mfundo ya yam'mbuyo. Zazitali kunsonga za mapiko, zapakati pamsana, pakhosi tizidutswa tating'ono kwambiri. Ntchito iyi ndi yochedwa, itanani anzanu mukhale pa mkeka muzidula mukucheza. Nthenga zakuda chubu cha tayala chimachita bwino kwambiri makamaka pa imfa ya mafuta, chimalendewera molemera komanso chimanyezimira chikanyowa.

Musawotche pulasitiki kuti muiumbe kapena kuimata, utsi wake ndi poizoni kwa inu ndi ana omwe azungulira kudzaonerera. Ngati mukufuna ipindike iviikeni m'madzi otentha kwambiri n'kuipinda mutavala magolovesi.

Pa imfa ya pulasitiki siyani mimba yotseguka, nthiti za waya zioneke, mkatimo mudzaze zivindikiro, malaita ndi miswachi, koma muzimangirire chimodzi chimodzi ndi twaini kuti zisamwazike. Musazipake penti. Zisiyeni ndi zilembo zake zomwe kuti munthu awerenge n'kuzindikira chakumwa chake. Mutu ndi mlomo mutha kuumba ndi mapepala a matumba a simenti oviika mu phala la ufa wa tirigu kapena wa chinangwa lothira mchere pang'ono kuti lisachite nkhungu, magawo anayi kapena asanu, lililonse liume kaye, pomaliza vanishi. Maso musaike owala a mabo, kabowo kokha kamakwana.

Kwa inu osema miyala

Ambiri mwa makolo athu anali m'gulu loyambitsa luso limeneli, ku Tengenenge kufupi ndi Guruve komwe Tom Blomefield anayambitsa mu 1966, osema ambiri oyambirira anali ogwira ntchito m'mafamu a fodya ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, nde ngati dzanja lanu ndi la tchizulo musalisiye. Mbalame ya mwala si yachilendo m'dziko lino, za ku Great Zimbabwe zija ndi za mwala wofewa. Woyamba kumene atenge mwala wa opal chifukwa ndi wofewerapo, springstone ndi wolimba koma ukapukutidwa umada bii n'kunyezimira, zomwe zimagwirizana ndi mbalame ya mafuta. Mwala sulola phiko lowonda lotambasuka, limathyoka, choncho semani mbalame yopinda mapiko, yogona. Njira yake mukuidziwa, kugoba, kupala, sandipepa ya m'madzi kuyambira yokhakhala mpaka yosalala, kutenthetsa mwala n'kupaka polishi wapansi woyera, kupukuta ukazizira. Langizo langa ndi lakuti mupake polishi mbali imodzi yokha, kwinako musiye kotuwa ndi zipsera za tchizulo, malire a pakati pa kwakuda ndi kotuwa ndiwo akhale mzere womwe mafuta anafika. Muzinyowetsa mwala posema ndipo muzivala chotseka pamphuno, fumbi la miyala imeneyi limawononga mapapo. Mukafuna kuona mmene akuluakulu amachitira, Chapungu ku Msasa ndi Chitungwiza Arts Centre ndi pafupi.

Kupanga gombe pomwe palibe gombe

Izi sizifuna zambiri. Mawilibala angapo a mchenga wa kumtsinje pa pepala lalikulu la pulasitiki kapena tenti yakale kuti mudzathe kuwola. Chomwe chimapangitsa mchenga kuoneka gombe ndi mzere wokhotakhota womwe mafunde amasiya akabwerera, wa tizitsotso ndi zinyalala, nde upangeni ndi namasupuni wouma wa ku Chivero, makala osweka, tizidutswa ta pulasitiki ndi neti yong'ambika. Mizere iwiri kapena itatu, wina kumtunda wina kumunsi. Mbalame igone pamzere wakumtunda, theka la phiko litakwiririka. Madzi musavutike kuwapanga ndi nsalu yabuluu, siyani malo opanda kanthu kutsogolo kwa mchenga, oonera aime kumeneko, iwowo ndiwo ali kumbali yomwe zinyalala zikuchokera.

Sewero lake

Choyamba ndinene za Gule Wamkulu chifukwa ndikudziwa maganizo a ambiri athamangira komweko, poti kuno anzathu a Chishona akamva Mchewa amaganiza za zvigure. Gule ndi mwambo wa eni ake, UNESCO inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo uli ndi malamulo ake a kudambwe. Musatenge chigoba cha gule, mavalidwe ake kapena nyimbo zake kuika mu sewero lanu, olo mutakhala olowa. Ngati mukuona kuti chovala chanu chayandikira kumeneko pitani kwa akuluakulu a m'dera lanu mwaulemu mukawaonetse, "agogo, tapanga chakuti, kodi chikulakwira mwambo?", akakuuzani kuti musinthe sinthani. Njira yosavuta ndi yosabisa nkhope n'komwe, wovina aoneke kuti ndi munthu amene wanyamula mapiko.

Mapiko ovala apangeni ndi nsungwi zowonda kapena mapaipi a pulasitiki a mawaya a magetsi, muwasokerere pa masaka, nthenga zikhale za masaka omwewo kapena mapepala a pulasitiki chifukwa za zigubu zimalemera ndipo zimacheka khungu. Amangidwe ndi malamba a chubu paphewa ndi pamkono, koma wovina azitha kuwavula yekha msanga zikavuta. Chilichonse chisazungulire khosi, kaya neti kaya twaini.

Kayendedwe kagaweni patatu koma magawowo asafanane kutalika. Gawo la moyo likhale lalitali, anthu ayambe aikonda mbalameyo, iyende, idumphire nsomba, itambasule mapiko kuumitsa monga munaonera ku Chivero, mutu uku ndi uku. Gawo la ngozi likhale lalifupi ndipo lisakhale la phokoso, munthu wina wovala zovala wamba angodutsa akumwa chakumwa, aponye botolo, kapena akhuthule ndowa ya zakuda pa phiko limodzi, n'kumapita osacheuka. Gawo lachitatu ndi lomwe limafuna kuyeserera kwambiri, mbalame ikuyesa kuchita zomwe inkachita poyamba koma zikukanika, itambasule phiko ligwe, iyesenso ligwe msanga kuposa poyamba, idzikonze ndi mlomo, iyende masitepe awiri ikhale pansi. Wovina asadzigwetse mwamphamvu ngati mu filimu, mbalame imafa pang'onopang'ono, imangochepetsa kuyenda mpaka kusiya. Zonse pamodzi mphindi 12 mpaka 15 zakwana.

Zakuda zothirazo zisakhale oyilo wa galimoto, amawotcha khungu, amawononga nthaka, ndipo mungakhale mukuchita chomwecho chomwe mukudandaula. Sinjani makala asalale, sefani, sakanizani ndi phala lopyapyala la ufa wa tirigu ndi supuni zingapo za mafuta ophikira kuti linyezimire. Yesani kaye pa mkono wa wovina tsiku lina, ndipo lisafike m'maso.

Phokoso la nyanja lili m'khitchini mwanu. Thirani mapira kapena mpunga wodzaza manja awiri mu lichero lalikulu, lipendeketseni pang'onopang'ono mbali imodzi, njere zimayenda zonse pamodzi kuti waaa, dikirani kamphindi, bwezerani mbali inayo mofulumirirapo. Amayi awiri kapena atatu okhala ndi malichero mbali zosiyana, osayambira limodzi, amamveka ngati mafunde enieni ndipo simufuna sipika kapena magetsi omwe angathime pakati pa sewero. Ng'oma imodzi yokha, iziomba mofatsa ngati mtima, pa gawo lachitatu izichedwa mpaka kuleka, malichero okha apitirire. Mawu akhale ochepa. Wina atha kutchula malo ndi chaka basi, Dassen Island 2000, Dyer Island 2021, Chivero 2024, mu Chichewa ndi Chishona poti oonera akhala osakanikirana. Nyimbo za maliro zenizeni ndingakonde muzisiye, pagulupo pamakhala ena omwe aika m'bale wawo posachedwa, pekani yanu ya mizere iwiri.

Malo, chilolezo ndi tsiku

Yambani pamalo otchingidwa pomwe mwini wake wavomera, bwalo la tchalitchi, la sukulu, holo ya m'dera, kapena kambiranani ndi malo a zaluso ngati National Gallery of Zimbabwe ndi ena ang'onoang'ono a m'tauni. Pamsewu kapena pa paki pamafunika chilolezo cha khonsolo komanso kudziwitsa apolisi nthawi isanakwane chifukwa malamulo a misonkhano ya pagulu ndi okhwima kuno, a National Arts Council of Zimbabwe akhoza kukuuzani mapepala ofunika. Ku Chivero m'mbali mwa paki ndi kwa a ZimParks, pemphani kaye, ndipo musakaombe ng'oma pafupi ndi pomwe mbalame zaikira mazira.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka July, kouma. August ndi September kuli mphepo, imakongoletsa mapiko koma imagwetsa chosema chopepuka, nde chikhomereni pansi ndi zikhomo. Kuyambira November mvula imasungunula mutu wa mapepala uja. Chitani cha m'ma 4 koloko madzulo dzuwa litapendeka, zithunzi zimatuluka bwino komanso anthu amapeza kombi kusanade. Yesererani kamodzi pamalo enieniwo ndi mapiko, ndowa ndi mchenga womwe, chifukwa phala lija likathiridwa mapiko amalemera kwambiri ndipo wovina ayenera kudziwiratu. Ikani munthu mmodzi woyang'anira ana, amathamangira kukagwira mbalame ndipo pali waya.

Sewero likatha wovina asadzuke msanga kudzawerama, akhale chigonere mpaka mnzake abwere kudzamuvula mapiko, mapikowo atsale pamchenga pafupi ndi chosema. Kenaka lolani anthu ayandikire, agwire nthenga, afunse. Mafunso ambiri adzakhala a madzi a Chivero ndi a kuti zinyalala azitaya kuti poti galimoto yotola sibwera pafupipafupi, konzekerani kuyankha zoona, ndipo ngati mungathe itanani wina wa ku BirdLife Zimbabwe kapena EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, adzayankhe zomwe ndi za iwowo. Wojambula mmodzi aime malo amodzi ndi foni pa sitandi ajambule zonse osadula, wina ajambule zapafupi, ndipo mupemphe chilolezo musanaike nkhope za ana a eni pa Facebook kapena WhatsApp.

Pomaliza wolani mchenga ndi tenti yake, sefani tizidutswa ta pulasitiki tonse, namasupuni mukamutaye kutali ndi madzi chifukwa mbewu zake zimamera ngakhale patapita zaka. Mapiko a phala atsukeni tsiku lomwelo asanayambe kununkha ndi kuitana mbewa. Chosema chisungeni pamthunzi, pulasitiki ya zigubu ikakhalitsa padzuwa imafumbutuka n'kuyoyoka tizidutswa, ndipo ngati mulibe posunga masulani nthenga muziike m'saka, waya muupachike kukhoma, mudzamanganso pa chionetsero china.